Lumbiro la Msuweni

"Werenganinso mzere wachiwiriwo," anatero Isabel. "Koma muuwerenge m'Chichewa, kuti ndimve bwino mmene mukundichotsera pabanja."

Reuben anakankhira pepalalo pakati pa tebulo n'kunena kuti palibe amene akuchotsa munthu pabanja, ndipo ngati mayi a Lusekero akufuna kuyamba zisudzo m'mawa wa Loweruka, adikire kaye mwana atsike kukasewera. Mwanayo anali atatsika kale. Mawu ake ankamveka pabwalo la mafulati a ku Madaraka, mumzinda wa Nairobi, akukangana ndi anzake m'Chiswahili chimene makolo ake onse awiri ankangochipapasa.

Pepalalo linali ndi mizere itatu yokha. Woyamba unkati iye Isabel ndi msuweni wa Reuben, mwana wa amalume ake. Wachiwiri unkati awiriwa sanakwatiranepo, kaya kutchalitchi, kaya kuboma, kaya pachikhalidwe. Wachitatu unkati Lusekero ndi mwana wa Isabel, ndipo Reuben amangomulera monga angachitire wachibale aliyense wa mtima wabwino. Pansi pake panali malo oti Isabel asainepo atalumbira pamaso pa loya.

"Tamvera iwe," anatero Reuben, akuyankhula pang'onopang'ono ngati mmene ankachitira pamisonkhano ya ku ofesi. "Ntchito ikutha mwezi uno. Bungwe latseka pulojekiti. Chilolezo changa chokhalira m'Kenya muno chikuthera limodzi ndi ntchitoyo, chakonso chimodzimodzi popeza chinakolowekedwa pa changa. Tikabwerera ku Lilongwe tikadya madigiri? Lorna, mzungu uja wa ku ofesi, akufuna kundithandiza. Ali ndi nyumba, ali ndi ntchito ya malipiro amene boma la kwawo limafuna kwa munthu woitana bwenzi lake lakunja. Ndikakwatirana naye papepala, pakatha zaka zisanu andipatsa chilolezo chokhazikika, kenako ndidzakuitanani nonse awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Zaka zisanu zimenezo muzikafunda bulangete limodzi ndi pepala?" anafunsa Isabel. "Bambo a Lusekero, ine si mwana. Ndakuchapirani zaka khumi ndi chimodzi, ndipo munthu amene amakuchapira amadziwa tsiku limene wayamba kununkhira sopo wa kwina. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndiyankheni chimodzi chokha: Lornayo akudziwa kuti ukwati wakewo ndi wa papepala?"

Reuben anayang'ana pawindo. Kandege kochokera kubwalo la ndege la Wilson kanadutsa pamwamba pa nyumba, iye n'kukatsatira ndi maso mpaka kanazimiririka, ngati kuti yankho linali m'kandegemo. Atatembenuka anangofunsa ngati mzere woyambawo unali wabodza.

Apa ndi pamene panali mfundo yovuta kumasula, chifukwa mzere woyambawo unali woona. Mayi a Reuben ndi malemu bambo a Isabel anali munthu ndi mlongo wake, bere limodzi. Ana awiriwa anakulira kwa Mponela akutchulana "amuna anga" ndi "akazi anga" monga amachitira asuweni kulikonse, kulandana chimanga chootcha, kunyozana pamaliro anthu n'kumaseka. Nthabwalayo inakula nawo mpaka inasiya kukhala nthabwala. Akuluakulu anati palibe cholakwa, msuweni ndi mkazi kale. Panachitika chinkhoswe chodyetsa mudzi wonse, ankhoswe anasinthana tambala ndi msoti, achimwene ake a Isabel, a Mabvuto, ataima kuchikazi, ndipo a Conrad, akulu ake a Reuben, ataima kuchimuna. Za kutchalitchi Reuben anati zidikire apeze kaye bwino. Anapeza bwino ndithu, mpaka kukwera ndege, koma tsikulo silinafike.

Ku Nairobi Reuben anaitembenuza nthabwala ija. Akamuonetsa mkazi wake kwa alendo ankati, "Uyu ndi msuweni wanga," ndipo Amalawi ankafa nazo kuseka chifukwa ankadziwa. Lorna sanali Mmalawi. Anali mzungu wofatsa wa mu ofesi ya Reuben, wochokera ku Isle of Man, kachilumba ka pakati pa England ndi Ireland kamene kali ndi boma lakelake ndi ofesi yakeyake yoona za olowa m'dziko. Anabwera kudzadya kunyumba kawiri asanabwerere kwawo. Maulendo onse awiri Reuben anati "msuweni wanga" m'Chingerezi, ndipo maulendo onse awiri Isabel anaseka, n'kumuonjezera mlendoyo nkhwani wotendera umene anauvutikira kumsika. Sanadziwe kuti pakhomopo woseka anali iye yekha. Mlendoyo anamva zimene anauzidwa, ndipo atamva Lusekero akuti "adadi", Reuben anamufotokozera kuti kwathu mwana amatchula bambo mwamuna aliyense womulera.

Chimene chinavuta tsopano chinali fomu yakale. Zaka zitatu zapitazo Reuben anapempha viza yopitira kumsonkhano ku England, ndipo pafomupo panalembedwa kuti ndi wokwatira, mkazi wake Isabel. Azungu sataya pepala. Loya wa Lorna atafunsa, Reuben anati mlembi wa ku ofesi amene anadzaza fomuyo anasokonezeka ndi nthabwala za chisuweni. Loyayo anati chabwino, koma pakhale lumbiro lochokera kubanja lotsimikiza zimenezo, apo ayi pempho la viza lisapite n'komwe.

Isabel anapinda pepalalo n'kulibweza. Anati nkhani ya banja simathera patebulo la anthu awiri, ali ndi nkhoswe, ndipo aimbira achimwene ake. Chimene chinamudabwitsa n'chakuti Reuben sanaope. Anangoti aimbe, mayunitsi alimo.

Anaimba Lolemba masana, atabwerako kosiya mwana kusukulu ku Lang'ata. A Mabvuto analandira foni mwansangala, nafunsa za mvula ya ku Kenya, za mwana, za mwendo wa Isabel umene unkavuta chaka chatha. Isabel anafotokoza zonse, mzere ndi mzere. Ankayembekeza kuti achimwene ake akalipa mpaka foni itenthe. Iwo anatsokomola pang'ono n'kunena kuti alamu anawaimbira kale sabata yatha.

"Chemwali, nkhaniyi tisaitenge ndi mtima wapachala," anatero a Mabvuto. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwayi uwu wafika pakhomo, ndipo ukadutsa sudzabweranso. Kuno zinthu zathina, iwe sukudziwa chifukwa ukudya za ku Nairobi. Nicholas wanga uja anamaliza za unamwino chaka chachitatu chino, akungokhala, akundidyera ufa. Alamu akuti kuchilumbako anthu osamalira okalamba akusowa, ndipo akakakhazikika amuitana. Mmodzi akawoloka, tonse tawoloka. Nanga pepala limaluma? Ife tikudziwa kuti ndiwe mkazi wake, Mulungu akudziwa. Azunguwo akadziwa kapena asadziwe, zikusintha chiyani?"

"Achimwene, munalandira tambala ndi manja anu," anatero Isabel. "Munauza anthu tsiku lija kuti mlongo wanu akadzalira usiku, mudzadzuka ndinu. Ndikulira tsopano."

A Mabvuto anati kulira kulipo kosiyanasiyana, ndipo banja ndi kupirira. Anawonjeza kuti Reuben si mkamwini wamba woti n'kumuopseza, ndi mwana wa azakhali awo, magazi amodzi, ndiye iwo sangathe kumukhalira mlandu ngati mlendo. Foni inaduka. Zinamupweteka Isabel kuposa za Reuben. Mwamuna amatha kusintha, zimenezo mkazi aliyense amakula akudziwa, koma mlongo wako ndiye khomo limene umathawirako. Tsoka la kukwatiwa pachibale ndi limenelo: khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa mkhate wake unali banja lonse la kwa Mponela.

Masabata awiri otsatira m'nyumbamo munali ngati mwagona maliro. Reuben ankadzuka, kusamba, kupita ku ofesi kukapereka mafayilo, kubwera ndi makatoni opanda kanthu olongedzeramo katundu. Tsiku lina anapita kukayezetsa chifuwa chachikulu, poti chilumbacho sichilandira munthu wopanda kalata ya dokotala. Madzulo ankatulukira pakhonde ndi foni, n'kumayankhula Chingerezi chofewa chimene Isabel anali asanamumvepo akuyankhula kwa munthu wina aliyense. Pepala lija linkapezeka paliponse pamene Isabel angayang'ane, pa filiji, pa tebulo losita, tsiku lina mpaka m'Baibulo lake. Apongozi ake, amene analinso azakhali ake, anatumiza mawu pafoni akuti mwana wa mchimwene wawo asakhale mfiti yotsekera mnzake mwayi.

Isabel anatopa. Anthu asanu akamakuuza chinthu chimodzi, umayamba kudzifunsa ngati wopenga si iweyo. Lachinayi lina anavala diresi lake la kutchalitchi n'kuuza Reuben kuti apite limodzi kwa loya wolumbiritsa anthu.

Anakwera matatu, minibasi ya ku Nairobi, mpaka m'tauni. Ofesi yake inali pamwamba pa sitolo ya nsalu, kachipinda kodzaza mafayilo, ndipo loyayo anali mayi wachikulire wa ku Kenya komweko, wa magalasi olendewera pachingwe. Anawerenga pepalalo kawiri. Kenako anayang'ana Isabel, n'kuyang'ana Reuben, n'kupempha bamboyo kuti akadikire panja. Reuben anati iye ndi amene akulipira. Mayiyo anati akudziwa, koma wolumbira si iye.

Chitseko chitatsekedwa, loyayo anavula magalasi n'kufunsa m'Chingerezi chosavuta ngati zolembedwazo zinali zoona. Isabel anazindikira kuti pa anthu onse amene anayankhula naye za pepalali, uyu yekha, mlendo wosamudziwa, ndi amene anafunsa funso limenelo. Misozi inangoyamba yokha. Anati mzere woyamba ndi woona. Anati wachiwiri ndi wachitatu akalumbira, ndiye kuti zaka khumi ndi chimodzi anali chiyani m'nyumba ya munthuyo, ndipo mwana wake adzakhala wa yani? Loyayo anamupatsa kapepala kopukutira m'maso, n'kumupepesa m'Chiswahili kuti "pole, mama", n'kubweza chidindo chake m'dirowa.

Potsika masitepe Isabel anamva kupepuka kumene anali asanakumve chiyambire mwezi umenewo. Anaganiza kuti wapambana. Popanda dzanja lake pempho silipita, Reuben akwiya, mwina amumenya ndi mawu sabata yonse, koma mapeto ake akwera ndege imodzi kubwerera kwawo, akavutike limodzi monga anthu ena onse. Reuben sanakalipe. M'matatu anamulipirira, pofika ku Madaraka anagula nthochi kwa mayi wa pageti n'kumupatsa kuti anyamule. Isabel anayesa kuti munthuyo wagonja. Kufatsa kwa mwamuna wokanizidwa chinthu kumafunika kukuopa, koma iye anali atatopa kwambiri moti sanafune kuganiza.

Patapita masiku asanu ndi atatu, mlonda wa pageti anamuitana akuchokera kogula sukuma, ndiwo zamasamba za kumeneko. Panali envulopu yaikulu yochokera ku Lilongwe, ya bambo, ndipo wobweretsayo ankafuna wina asainire. Isabel anasaina. Dzina la wotumiza kuseri kwake linali la achimwene ake, m'zilembo zawo zopendekera zimene ankazidziwa kuyambira ali kusukulu ya pulayimale. Anaitsegulira pamasitepe.

Munali mapepala awiri, onse odindidwa ndi loya wa ku Lilongwe. Loyamba linali lumbiro la a Mabvuto, monga mkulu wa banja la kuchikazi, lakuti mlongo wawo Isabel sanakwatiwepo ndi msuweni wake Reuben, ndipo mwambo umene unachitika kwa Mponela zaka zapitazo unali phwando la pachibale lotsazikana. Lachiwiri linali la a Conrad, mawu ake omwewo. Anthu awiri amene pakamwa pawo panamanga ukwatiwo ndi amene analumbira kuti kunalibe. Tsiku la chidindo linali la sabata imene iye ankalimbana ndi mtima wake kuti apite kwa loya kapena ayi. Dzanja lake silinkafunika kwenikweni. Ankangofuna kuti likhalepo kuti mtolo ukule.

Anakwera m'nyumba, naika sukuma musinki, n'kufufuza nambala ya Lorna imene anaisunga kuyambira tsiku limene mzunguyo anapempha kaphikidwe ka nkhwani. Lorna anayankha msanga, mokondwa, kumbuyo kukumveka mphepo. Isabel analankhula Chingerezi chake chonse chimene anali nacho. Anati iye ndi mkazi wa Reuben, Lusekero ndi mwana wa Reuben, ndipo mawu aja a msuweni ndi oona koma si onse.

Kenako Lorna anayankhula mwachifundo, ndipo chifundocho ndi chimene chinamupweteka Isabel koposa. Anati Reuben anamuchenjeza kale kuti msuweni wake ali ndi mantha otsala yekha ndi mwana, ndipo mwina anena zotere. Anati akumvetsa, ndipo iye ndi Reuben agwirizana kuti sukulu ya Lusekero sidzaima. Komabe, poti iye si munthu wofuna kulanda mwamuna wa mwini, anapempha Isabel kuti ngati pali setifiketi ya ukwati aijambule atumize, ndipo iye aimitsa zonse tsiku lomwelo. Isabel anati ukwati wa kwathu setifiketi yake ndi anthu. Lorna anafunsa kuti anthu ake ndani, awaimbire. Isabel anayang'ana mapepala awiri aja ali patebulo, ndipo anasowa dzina loti atchule.

"Komanso tsiku lija kunyumba kwanu," anatero Lorna mofatsa, "iye atanena kuti ndinu msuweni wake, inu munaseka. Simunatsutse."

Reuben atabwera madzulo anapeza envulopu yotsegula. Sanafunse. Anawerenga mapepalawo, nawaika m'chikwama chake cha ku ofesi, n'kunena kuti bungwe lagula matikiti awiri a Lachitatu, a Isabel ndi mwana. Iye atsala kwa mnzake ku Lang'ata kudikira kuti akapereke zidindo za zala ndi kumva yankho la kuchilumba. Isabel anamufunsa ngati analipo ndi tsiku limodzi lomwe pamene ankati "msuweni wanga" akungoseka chabe. Reuben anati mafunso otero sathandiza munthu, ndipo anapita kukamanga makatoni.

Lachiwiri m'mawa, nyumba ili mbee, makatani atachotsedwa, Isabel anakhala pa sutikesi n'kuimbiranso achimwene ake. Sanalire ulendo uno. Anali ataganiza usiku wonse, ndipo chimene ankafuna chinali chaching'ono.

"Achimwene, zimene mwachita mwachita, madzi akatayika saoleka. Sindikupempha kuti mubweze lumbiro lanu, Nicholas apite kumene akupitako. Ndikupempha chimodzi. Ndikafika, muitane a Conrad ndi akuluakulu, mukhale pansi monga munakhalira tsiku lija, munditulutse m'banjali mwadongosolo. Anthu amve kuti ukwati wa Isabel watha, ndipo wathera apa. Ndikhale wosudzulidwa, ndidziwe chimene ndili. Mwana wanganso adziwe kuti anabadwira m'nyumba, bambo ake anachita kuchoka."

A Mabvuto anapuma mwamphamvu. Anati akumva, ndipo pempholo si loipa. Koma anati chemwali aganizenso bwino: pamudzi pali mafoni, ana a masiku ano amajambula chilichonse n'kuponya pa intaneti, ndipo nkhani ikamveka kuti kwa Mponela kwathetsedwa ukwati wa Reuben, mawa lake ifika kuchilumba. Iwo ndi a Conrad analumbira pamaso pa loya, ndipo kunama palumbiro ndi mlandu wopita nawo kundende.

"Ndiye tisudzula bwanji ukwati umene talumbira kuti kunalibe?" anatero. "Ungobwera, chemwali. Ukhale phee kunyumba kwa amayi. Anthu akafunsa, uziti bambo ali kunja kuntchito, ndipo usayerekeze kuyang'ana mwamuna wina, chifukwa kuno tonse tikudziwa kuti ndiwe mkazi wa mwini."

Isabel anachotsa foni kukhutu n'kuiyang'ana. Achimwene ake ankayankhulabe, kamawu kakang'ono m'dzanja lake, kakufunsa ngati ndegeyo ifika masana kuti atumize Nicholas kukawachingamira.